Mafunso ndi mayankho: kusankha pogona pa ulendo wautali woyenda wapansi

Munthu amene akuyenda wapansi kwa masabata kapena miyezi, chikwama chili kumsana, amasenza ndi nyumba yake yomwe. Nyumbayo amaimanga madzulo aliwonse miyendo ikuphwanya, nthawi zina mvula ili pamutu, ndipo m'mawa amaipasula n'kuibwezera m'chikwama kaya yauma kaya sinaume. Mayankho ali m'munsiwa atsamira kwambiri pa njira zodziwika za ku America, ku Ulaya ndi ku New Zealand, kumene maulendo amtunduwu akhala akuyendedwa kwa zaka zambiri ndipo zipangizo zake zayesedwa mokwanira.

Kodi anthu oyenda maulendowa amagona m'chiyani?

Zinthu zimene zimaoneka kawirikawiri m'njira ndi zinayi. Chodziwika kwambiri ndi tenti, imene imakhala ndi denga, makoma, nsalu yapansi ndiponso neti yotchinga tizilombo, moti munthu akatseka zipi amakhala m'kachipinda kakekake. Pali lona, lomwe ndi nsalu imodzi yosalowa madzi imene imakokedwa ndi zingwe n'kuimikidwa pa ndodo, ndipo m'mbali mwake mumakhala motseguka ngati msasa wa kumunda. Palinso hammock, nsalu yogonamo yolendewera pakati pa mitengo iwiri mofanana ndi machira, imene pamwamba pake amakokapo lona kuti wogonayo asavumbwe. Chomaliza ndi thumba la bivy, limene limavekedwa kunja kwa thumba logonamo ngati chikuto, ndipo mkati mwake mulibe malo okhala tsonga, osinthira zovala ngakhale oikapo katundu. Thumba limeneli limathandiza okwera mapiri amene akugona usiku umodzi kapena uwiri pakathanthwe kochepa, koma pa ulendo wa miyezi ndi ochepa amene amalidalira palokha popanda lona pamwamba.

Kodi posankha ndiyambire pa kulemera kwake, pa ndalama kapena pa dzina la kampani?

Musayambire pa chilichonse mwa zitatuzi. Yambirani pa njira imene mukufuna kuyenda ndi miyezi imene mudzakhale muli m'menemo, chifukwa nyengo, nthaka, tizilombo ndi malamulo a kumaloko ndi zimene zimagamula kuti pogona panu pakhale potani.

Taonani njira ziwiri zazikulu za dziko la America. Appalachian Trail, imene inamalizidwa mu 1937, ndi yotalika makilomita pafupifupi 3,500 kuchokera pa phiri la Springer ku Georgia mpaka pa phiri la Katahdin ku Maine, ndipo imadutsa m'zigawo 14. Mbali yaikulu ya njirayi ili m'nkhalango zowirira, mvula imagwa kawirikawiri, mpweya ndi wachinyezi, ndipo nkhupakupa zofalitsa matenda a Lyme ndi zochuluka m'zigawo zina. Kumeneko munthu amafuna denga lodalirika, neti yotseka bwino ndi mipata yolowera mphepo, ndipo hammock imagwira ntchito chifukwa mitengo siisowa. Pacific Crest Trail, yotalika makilomita pafupifupi 4,265 kuchokera kumalire a Mexico mpaka kumalire a Canada, ndi nkhani ina. Makilomita ake oyamba pafupifupi 1,100 amadutsa kumwera kwa California, dziko louma lamchenga ndi mphepo yaukali, kumene ambiri amangoyala pansi n'kugona pamtetete. Kenako njirayo imakwera m'mapiri a Sierra Nevada mpaka kupitirira mamita 4,000 pa mpata wa Forester, kumene kuli miyala ndi chipale chofewa, ndipo chipalecho chikamasungunuka udzudzu umaswana mochititsa mantha. Pomaliza, woyendayo amafika m'chigawo cha Washington cha mu September, mvula yozizira itayamba. Pogona pamodzi payenera kupirira zonsezi, kapena munthuyo akonzeretu zotumizirana zipangizo zina m'matauni a m'njira.

Ku Scotland vuto lalikulu ndi mphepo yosakanikirana ndi mvula, kuwonjezerapo tizilombo ting'onoting'ono touluka ndi toluma totchedwa midges, timene timachuluka kuyambira June mpaka August ndipo timatha kulowa pa maso a neti wamba ya udzudzu. Malamulo nawonso amasiyana kwambiri. Ku Scotland lamulo la mu 2003 limalola munthu kumanga tenti m'malo ambiri a kutchire malinga ngati akusamala, ndipo ku Sweden ufulu wotere ndi mwambo wakalekale. Pa njira ya GR20 ya pachilumba cha Corsica, matenti amaloledwa pafupi ndi nyumba zogona alendo zokha. Amene sanafufuze zimenezi akhoza kugula chipangizo chabwino kwambiri chimene sadzaloledwa kuchigwiritsa ntchito monga mmene ankaganizira.

Nanga kulemera kulibe ntchito?

Kuli ndi ntchito yaikulu, ndipo aliyense amene anakwerapo chitunda tsiku lathunthu katundu ali kumsana sangatsutse. Pogona, thumba logonamo ndi chikwama chenichenicho ndiye zinthu zitatu zolemera kwambiri pa katundu wosadyedwa, choncho m'pomveka kuti ochepetsa katundu amayambira pamenepa. Tenti yopepuka ya munthu mmodzi yokhala ndi makoma awiri ndi mizati yake imalemera kilogalamu imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Tenti yoimikidwa ndi ndodo zoyendera, yosokedwa ndi nsalu yodula kwambiri, imatha kutsika kufika magalamu pafupifupi 500, ndipo lona lokha limapepuka kuposa pamenepo.

Nthawi zambiri anthu amatchula Emma Gatewood, mayi amene mu 1955, ali ndi zaka 67, anayenda Appalachian Trail yonse atanyamula thumba losoka yekha, bulangete ndi katani ya pulasitiki ya kubafa yodzitchinjirizira mvula. Nkhaniyo ndi yoona, koma phunziro lake lisapotozedwe. Mayiyo anali atazolowera moyo wovuta wa kumunda, ndipo masiku ambiri ankagona m'tinyumba ta m'njira kapena kwa anthu amene ankamulandira. Magalamu 300 amene mwachotsa pa sikelo sangakupindulitseni ngati mukugona mwa apo ndi apo chifukwa cha udzudzu kapena kudontha, popeza woyenda wosagona bwino amayenda pang'ono mawa lake, ndipo kutopa kwa masabata otsatizana n'kumene kumabweza anthu ambiri kwawo ulendo usanathe.

Kodi tenti yoima yokha imasiyana bwanji ndi yoimikidwa ndi ndodo zoyendera?

Tenti yoima yokha ili ndi mizati yopindika, kawirikawiri ya aluminiyamu, imene imapingasana n'kuikunga moti imaima ngakhale musanakhome chikhomo ndi chimodzi chomwe. Mukhoza kuinyamula yonse n'kuisuntha mukapeza kuti pansi pali muzu, ndipo m'mawa mukhoza kuitembenuza n'kuikutumula mchenga. Ubwino wake umaonekera pathanthwe, pamchenga woseseka ndiponso pansanja za matabwa zimene zinamangidwa m'malo ena ogona, monga m'mapiri a White ku New Hampshire. Komabe musanyengeke ndi dzinalo, chifukwa tenti yosakhomeredwa pansi mphepo imaiulutsa ngati lichero.

Tenti ya ndodo ilibe mizati yakeyake. Ndodo zimene mwayenda nazo masana ndi zimene zimanyamula denga usiku, choncho chinthu chimodzi chimagwira ntchito ziwiri ndipo katundu amapepuka. Mphamvu yake yonse ili pa zikhomo ndi zingwe, moti chikhomo chimodzi chikazuka pakati pa usiku denga limakugwerani kumaso. Imafuna malo otambalala pang'ono komanso dzanja lozolowera. Panthaka yolimba kapena yamiyala, chingwe chimamangiriridwa ku kamwala kakang'ono kenako n'kupsinjidwa ndi mwala waukulu, ndipo pamchenga chikhomo chimakwiriridwa chogona. Ndodo ikathyoka masana, mwataya chothandizira mawondo pamodzi ndi mzati wa nyumba, ngakhale kuti m'nkhalango nthambi yowongoka imatha kulowa m'malo.

Kwa munthu amene amayenda kale ndi ndodo ziwiri, ine ndimaona kuti tenti ya ndodo yokhala ndi neti ndi nsalu yapansi ndiyo imakwanira njira zambiri. Amene sakonda ndodo asazigule chifukwa cha tenti.

N'chifukwa chiyani mkati mwa tenti mumanyowa ngakhale mvula isanagwe?

Amene anagonapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i m'mwezi wa June akudziwa kuti m'bandakucha malata amadontha ngakhale kunja kuli nyenyezi. Chimene chimachitika mu tenti n'chomwecho. Mpweya umene munthu amapuma, thukuta, zovala zonyowa ndi nthaka yachinyontho zimatulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo ikakhudza nsalu yozizira imasanduka madontho. Palibe nsalu imene imathetseratu zimenezi, ndipo anthu ambiri amabweza tenti kusitolo akuti ikudontha pamene madziwo achokera m'mapapo mwawo momwe.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa tenti ya khoma limodzi ndi ya makoma awiri. Ya makoma awiri ili ndi chipinda chamkati cha neti kapena cha nsalu yopuma, ndipo kunja kwake kuli denga losalowa madzi. Madontho amapangika ndithu kunsi kwa dengalo, koma chipinda chamkati chimakulekanitsani nawo, moti thumba lanu logonamo siliwakhudza. Ya khoma limodzi imapepuka ndipo imamangika msanga, koma mukadzuka n'kugunda denga ndi mutu, kapena mvula yamphamvu ikamamenya kunja, timadontho timakuwazani. Zimenezi n'zopiririka usiku umodzi. Zimayamba kudetsa nkhawa masiku amvula akatsatizana, makamaka ngati thumba logonamo ndi la nthenga, chifukwa nthenga zikanyowa zimamatana n'kusiya kusunga kutentha.

Malo amene mwasankha amathandiza kuposa ndalama zimene mwalipira. Mpweya wozizira umatsetsereka n'kukadikha m'zigwa ndi m'madambo, choncho udzu wokongola wa m'mbali mwa mtsinje ndiye malo onyowetsa kwambiri. Ndi bwino kukwera pang'ono ndi kumanga pansi pa mitengo yamoyo, chifukwa masamba amatchinga kuti nsalu isazizire kwambiri ndi thambo loyera, ndipo mame amachepa. Malangizo osamalira chilengedwe ofala ku America amanenanso kuti tenti italikirane ndi madzi mamita pafupifupi 60, choncho zifukwa ziwirizi zikuloza kumodzi. Siyani khomo lotseguka ngati nyengo ikulola, zovala zonyowa zikhale pakakhonde ka tenti, ndipo kansalu kopukutira denga m'mawa kasasowe.

Funso lina lofunika kufunsa wogulitsa n'lakuti pomanga chimayamba n'chiyani. Matenti ambiri a ku America amayamba ndi chipinda chamkati kenako denga, ndipo mvula ikakupezani mukumanga, mkati mumanyowa musanalowemo. Matenti ambiri a kumpoto kwa Ulaya, monga a kampani ya Hilleberg ya ku Sweden, amaimikidwa denga ndi chipinda zili zolumikizana kale. Kudziko lamvula yosalekeza kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Kodi nsalu yabwino ndi iti, ndipo manambala olembedwa pa tenti amatanthauza chiyani?

Nsalu zofala ndi zitatu. Nayiloni wopakidwa silikoni ndi wolimba poyerekeza ndi kupepuka kwake ndipo amatamuka pang'ono mphepo ikakankha, zimene zimamuteteza kuti asang'ambike. Kuipa kwake n'kwakuti amamwa madzi, moti tenti imene munaikunga bwino madzulo imakhala itakhwepa pakati pa usiku, ndipo mumafunika kutuluka kukakokanso zingwe. Poliyesita wopakidwa silikoni samwa madzi kwenikweni, sakhwepa chotero ndipo amapirira dzuwa bwino, ngakhale kuti pa kulemera kofanana mphamvu yake imachepa pang'ono. N'chifukwa chake opanga matenti a ndodo ambiri ayamba kumukonda.

Yachitatu ndi Dyneema, imene kale inkatchedwa Cuben Fiber ndipo inayambira pa matanga a ngalawa zampikisano chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Imeneyi si nsalu yolukidwa, koma ulusi wolimba kwambiri womatidwa pakati pa timapepala tiwiri ta pulasitiki. Siimwa madzi, siitamuka, imapepuka modabwitsa, ndipo ikabooka imamatika mosavuta ndi tepi yake. Koma imadya ndalama, popeza tenti yake nthawi zambiri imapitirira madola 600 a ku America. Siipirira kukhulika ndi miyala, imatenga malo ambiri m'chikwama, ndipo pamene imapindidwa mobwerezabwereza pamayamba timabowo ting'onoting'ono. Imaonekeranso mkati, moti mwezi ukawala kapena anzanu akamanga moyandikana nanu mumadziwa kuti chinsinsi n'chochepa. Ndi yoyenera munthu amene wayenda kale ndipo akudziwa chimene akufuna, osati woyamba kumene.

Pa manambala, denier imanena za kukula kwa ulusi: ndi kulemera, m'magalamu, kwa ulusi wotalika mamita 9,000. Matenti opepuka kwambiri amasokedwa ndi nsalu ya 10 mpaka 20, pamene ya 30 kapena 40 imapirira nkhanza zambiri. Nambala ina, yolembedwa m'mamilimita, imasonyeza kutalika kwa madzi amene nsalu ingawatchinge asanayambe kulowa. Padenga mamilimita 1,500 amatengedwa kuti ndi okwanira, koma nsalu yapansi imafunika yoposerapo, chifukwa bondo kapena chigongono chikatsamira panthaka yonyowa chimakankha madzi mwamphamvu kuposa mvula.

Funsaninso za misoko. Tepi wamba siimata pa silikoni, choncho matenti ena amafika misoko yake isanamatidwe, ndipo mwini wake amayenera kupaka yekha mankhwala a silikoni pamizere yonse ya ulusi n'kuisiya iume tsiku lathunthu. Amene waiwala ntchito imeneyi amaizindikira mvula yoyamba ikagwa.

Kodi lona lokha lingakwanire?

Lingakwanire kwa munthu wodziwa kulimanga komanso pa nyengo yopanda tizilombo tambiri. Ndi lopepuka, lotsika mtengo, lilibe mazipi oti n'kuwonongeka, ndipo mphepo imadutsa momasuka moti chinyezi sichivuta kwambiri. Kukakhala bata limakwezedwa m'mwamba, ndipo kukayamba mkuntho mbali yoyang'ana kumphepo imakhomeredwa pansi penipeni. Luso limenelo siliphunziridwa usiku woyamba wa ulendo. Mphepo ikatembenuka pakati pa usiku mvula imalowera mbali yotseguka, ndipo madzi oyenda panthaka alibe chowatchinga ngati malo munasankha molakwika.

Kumene kuli malungo, funsoli lili ndi yankho limodzi: popanda neti musagone. N'chimodzimodzinso kumene kuli zinkhanira, linthumbu kapena nkhupakupa. Ndipo mukawonjezera neti, nsalu yapansi ndi zingwe zambiri, kulemera kwa zonse kumayandikira kwa tenti ya ndodo, choncho phindu limene munkalifuna limakhala litachepa.

Ndimamva kuti hammock imagonetsa bwino kuposa pansi. Kodi n'zoona?

Kwa anthu ambiri n'zoona, makamaka amene msana kapena chiuno zimawawa akagona panthaka. Hammock siisamala za mizu, miyala, matope kapena kutsetsereka kwa malo, ndipo m'nkhalango yamapiri, mmene malo athyathyathya ndi osowa, umenewu ndi mwayi waukulu. Wogonamo amagona mopingasa pang'ono kuti thupi liwongoke, ndipo zingwe zimamangidwa motsetsereka madigiri pafupifupi 30, chifukwa kukunga kwambiri kumalemetsa zingwe ndi mitengo yomwe. Ku mtengo kumangiriridwe malamba otambalala masentimita osachepera 2.5 kuti khungwa lisadulike.

Chimene ambiri sachiyembekezera ndi kuzizira kochokera pansi. Thupi limapsinja thumba logonamo, mphepo imadutsa kunsi, ndipo ngakhale usiku wa madigiri 18 msana umazizidwa. Pamafunika chofunda china chopachika kunsi kwa hammock kapena kamatiresi mkati, ndipo mukawerengera lona, neti, malamba ndi chofunda chapansicho, katunduyo nthawi zambiri sapepuka kuposa tenti. Kuwonjezera apo, pamwamba pa mapiri a Drakensberg ku South Africa, m'chipululu kapena pa njira ya Kungsleden kumpoto kwa Sweden mulibe mitengo yodalirika kwa mitunda yaitali. Musanamange kulikonse, yang'anani kumwamba, chifukwa nthambi zouma zothothoka usiku zapha anthu ogona m'hammock ndi m'matenti momwe.

Ngati m'njira muli tinyumba togona, kodi pali chifukwa chosenzera tenti?

Zimatengera njira. Pa Camino de Santiago ku Spain oyenda amagona m'nyumba za alendo za m'midzi, ndipo tenti imakhala mtolo wachabe. Kwathu kuno, pa phiri la Mulanje pali tinyumba monga ta Chambe, Lichenya, Thuchila, Sombani ndi Chisepo, kamene ambiri amagonapo asanakwere Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Munthu akhoza kuyenda masiku angapo paphirilo akugona m'tinyumba timeneti atangonyamula chakudya ndi zofunda. Komabe aliyense wodziwa Mulanje amadziwanso chiperoni, chimene chimaphimba njira ndi chifunga mwadzidzidzi m'miyezi yozizira, choncho kalona kopepuka kapena thumba la pangozi sikuwononga malo m'chikwama.

Pa njira zazitali kwambiri, kudalira tinyumba tokha n'kuika moyo pachiswe. Appalachian Trail ili ndi tinyumba toposa 250, tambiri ta makoma atatu kutsogolo kotseguka, koma amene wafika msanga ndiye amapeza malo, ndipo tsiku lamvula m'miyezi ya March ndi April, pamene khamu limanyamukira ku Georgia, timadzaza dzuwa lisanapendeke. Ku New Zealand boma limasamalira tinyumba ta kutchire toposa 950, koma woyenda Te Araroa, njira ya makilomita pafupifupi 3,000 imene inatsegulidwa mu 2011, amafunikabe tenti, popeza mitsinje ya kumeneko imasefukira msanga ndipo nzeru ndi kudikira kutsidya kuno mpaka madzi ataphwa. Ku Scotland kuli tinyumba tosakhoma totchedwa bothies, timene tambiri timasamalidwa ndi bungwe la anthu ongodzipereka la Mountain Bothies Association, lomwe linayamba mu 1965, ndipo nakonso malo sasungitsa.

Tinyumba tili ndi mavuto akenso: mkonono wa anzanu, matenda otsegula m'mimba opatsirana msanga, ndi mbewa zoboola zikwama. M'madera ena a America mbewa zimafalitsa kachilombo ka hantavirus, kamene mu 2012 kanagwira alendo 10 a ku paki ya Yosemite ndipo atatu anamwalira.

Kodi tenti ingateteze ku mkuntho ndi mphezi?

Ku mphezi ayi, ngakhale pang'ono. Kaya mizati ndi yachitsulo kaya ayi, tenti siiteteza munthu, ndipo chofunika ndi kutsika pamsana pa phiri, kuchoka pamtetete ndi kupewa mtengo woima wokha mitambo isanafike pamutu. M'mapiri a Drakensberg ndi a Colorado ku America mvula yamabingu imakonda kubwera masana m'chilimwe cha kumeneko, ndipo oyenda odziwa amadutsa malo okwera m'mawa.

Pa mphepo, maonekedwe a tenti ndi amene amanena zambiri. Yaifupi, yopendekeka mbali zonse ngati piramidi, kapena yooneka ngati ngalande yoloza kumphepo, imapirira kuposa yaitali ya makoma oongoka. Zingwe zowonjezera za m'mbali, zimene ambiri amazisiya kunyumba kuti apepukidwe, ndi zimene zimateteza mizati kuti isathyoke. Mizati ya fiberglass ya matenti otsika mtengo imang'aluka msanga ndipo siiyenera ulendo wautali. Pali malo ena amene tenti ya mtundu uliwonse siingalimbe: pa phiri la Washington ku New Hampshire, limene Appalachian Trail imadutsapo, mu April 1934 anayeza mphepo yothamanga makilomita 372 pa ola.

Kodi ndingaphikire mkati mvula ikamagwa?

Musaphikire mu tenti yotseka. Sitovu ya gasi imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha mabanja ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mawindo, ndipo ulibe fungo loti n'kukuchenjezani. Nsalu za tenti nazonso zimasungunuka m'kanthawi kochepa n'kumatirira pakhungu. Zikafika povuta, ena amaphikira pakakhonde khomo lili lotsegula, sitovu atayatsira panja, koma kudya chakudya chozizira usiku umodzi n'kwabwino kuposa kuyesa mwayi.

Kumene kuli zimbalangondo, chakudya, mankhwala otsukira mano ndi chilichonse chonunkhira sizigona mu tenti. Ku Yosemite lamulo limafuna kuti ogona kutchire asunge chakudya m'zigubu zolimba zimene chimbalangondo sichingatsegule. Ngakhale kumene kulibe zilombo zazikulu, mbewa imaboola tenti yodula pofuna mtedza umodzi wotsalira m'thumba.

Ndigule ya munthu mmodzi kapena ya awiri?

Manambala a opanga matenti ndi othina. Ya awiri imatanthauza timatiresi tiwiri togundana popanda malo a katundu, ndipo anthu okwatirana amene akuyenda miyezi amachita bwino kuganizira ya atatu kapena, ngati sizitheka, ya makomo awiri, kuti wotuluka usiku asaponde mnzake. Woyenda yekha ayese kugona mkati pa kamatiresi kake kenikeni, aone ngati mutu ndi mapazi sizikukhudza nsalu, komanso ngati angakhale tsonga n'kuvula malaya. Anzake ongogwirizana ulendo ndi bwino aliyense akhale ndi pogona pake, chifukwa liwiro limasiyana, wina amavulala, ndipo maubwenzi ena amatha njira isanathe.

Ndalama zanga n'zochepa. Kodi tenti yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yodalirika?

Ikhoza kukhala yodalirika mukaiyendera bwino. Imangeni yonse pamaso pa wogulitsa, kaya ndi pa kaunjika kaya mwapezana pa intaneti, ndipo muwerenge mizati ndi zikhomo. Nunkhizani mkati: nsalu yopakidwa polyurethane ikakalamba imanunkha ngati masanzi, imamata m'manja kapena kusupuka, ndipo imeneyo yatha ntchito ngakhale ikuoneka yatsopano. Nsalu yofwifwa ndi dzuwa imang'ambika ngati pepala. Yang'anani tepi ya m'misoko, kokani zipi iliyonse kangapo, ndipo imikani nsalu yapansi padzuwa kuti timabowo tioneke. Ngati n'kotheka ithireni madzi kwa mphindi zingapo.

Matenti a m'masitolo akuluakulu opangira kokacheza kunyanja ndi olemera ndipo ambiri sapirira mvula yamasiku. Kuli bwino kugula lona labwino ndi neti kusiyana ndi tenti yotero. Chotchingira pansi choyala kunsi kwa tenti sichifuna ndalama zambiri, popeza pulasitiki wopepuka kapena chidutswa cha Tyvek, nsalu yolimba yonga pepala, chimakwanira, koma chidulidwe chocheperapo kuposa tenti, chifukwa chikatulukira kunja chimakolola mvula n'kuilowetsa kunsi kwanu.

Kodi ndiisamalire bwanji kuti ifike kumapeto kwa ulendo?

Musananyamuke, imangeni kangapo pabwalo pakhomo, kamodzi usiku ndi tochi ndipo kamodzi mvula ikugwa, mpaka manja azichita okha. Zikhomo zikhale za mitundu iwiri, zoonda za nthaka yolimba ndi zotambalala za nthaka yofewa, ndipo chimodzi kapena ziwiri zikhale zapadera popeza zimatayika. Ngati mukukwera ndege, zikhomo ziikidwe m'katundu wopita kunsi, chifukwa m'chikwama cha m'manja amalanda. Opita ku New Zealand atsuke tenti ndi zikhomo, popeza pabwalo la ndege zipangizo zogonera kutchire zimayenera kuululidwa ndipo amaziyendera ngati zili ndi dothi kapena njere.

M'njira, tenti yonyowa iyanikidwe pa nthawi ya nkhomaliro dzuwa likangotuluka, koma isasiyidwe padzuwa tsiku lonse. Chimene chimayamba kufa kawirikawiri ndi zipi, chifukwa mchenga umadya kachitsulo kokokera mpaka mano amasiya kulumana. Kachitsuloko kakafinyidwa pang'ono ndi pulayala kamagwiranso ntchito kwa masabata angapo, ndipo kutsuka mano a zipi ndi kaburashi kumachedwetsa vutoli. M'kathumba kokonzera mukhale tepi yomatira nsalu yanu, singano, ulusi wolimba, chingwe chapadera ndi kapaipi kakafupi kolumikizira mzati wothyoka. Mukabwerera kunyumba, itsukeni ndi madzi ozizira pamanja, osati m'makina, ndipo iume kotheratu musanaisunge momasuka pamalo ouma, chifukwa tenti yopindidwa ndi chinyontho imachita nkhungu m'masiku ochepa ndipo fungo lake silichokanso.